Thumba la ringgit imodzi: mmene Asilamu a ku Malaysia amasungira chuma chawo

Chaka chilichonse, mwezi wa Disembala ukamalowera kumapeto, mabanja ambirimbiri a m'dziko la Malaysia amatchera khutu kudikira nambala imodzi. Nambalayo amailengeza ndi akuluakulu a kampani ya Permodalan Nasional Berhad, yomwe anthu amangoidula kuti PNB, ndipo imanena phindu limene munthu aliyense wosunga ndalama m'thumba la Amanah Saham Bumiputera alandire pa gawo lililonse lomwe ali nalo. Kumapeto kwa 2024 analengeza sen 5.75 pa gawo, kutanthauza kuti amene anasunga ringgit 100 chaka chonse anaonjezeredwa ringgit 5.75, pakuti sen 100 ndiwo amapanga ringgit imodzi. Ndalama zonse zimene anagawa chaka chimenecho zinapitirira RM10 biliyoni, ndipo anthu amene anagawana anali oposa 10 miliyoni.

Thumbali, lomwe eni ake amalitcha ASB, ndi la mtundu umene pa Chingerezi amati unit trust. Anthu ambiri amasonkha ndalama pamodzi, akatswiri amazigulitsira masheya a makampani, nyumba ndi katundu wina wobala phindu, kenako phindulo limagawidwa molingana ndi magawo a munthu aliyense. Nkhani yake ili ndi malo pa tsamba lino chifukwa ambiri mwa osunga ndalama m'thumbali ndi Asilamu, otsatira madhhab a Imam Shafi'i monga ambiri a ife kuno kunyanja, ndipo funso limene linawasautsa kwa zaka zambiri ndi lomwe limasautsanso msodzi wa ku Makanjira kapena mayi wogulitsa mpunga ku Nkhotakota akapeza kangachepe: ndalamayi ndiisunge kuti, kuti isathe mphamvu komanso isadetsedwe ndi riba?

Chiyambi chake

Pa 13 Meyi 1969 mumzinda wa Kuala Lumpur munabuka ziwawa za pakati pa mitundu, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Pofufuza gwero la chidanicho, boma linaona kuti Amalay, ngakhale anali ochuluka m'dzikomo, anali ndi magawo awiri okha kapena kuposerapo pang'ono pa magawo 100 alionse a umwini wa makampani. Gawo lalikulu linali m'manja mwa makampani akunja, makamaka a ku Britain, ndipo lina mwa nzika zochokera ku China. Motero mu 1971 boma la Tun Abdul Razak linayambitsa ndondomeko yatsopano ya chuma, imene cholinga chake china chinali chakuti pofika 1990 eni nthaka, omwe kumeneko amatchedwa Bumiputera, akhale ndi magawo 30 pa 100 alionse.

Poyamba boma linkalamula kuti makampani azipatula masheya ena ndi kuwagulitsa kwa Amalay pa mtengo wotsika. Zimene zinachitika n'zosadabwitsa kwa aliyense wodziwa umphawi. Munthu amene akusowa ya sukulu ya mwana sasunga pepala la sheya kudikira zaka khumi. Amaligulitsa mawa lomwe mtengo ukangokwera pang'ono, ndipo chuma chija chimabwerera kumene chinachokera. Kuti atseke mpata umenewu, mu Malichi 1978 anakhazikitsa PNB, kuti izisunga masheyawo m'malo mwa anthu. Mwini wa PNB ndi bungwe la Yayasan Pelaburan Bumiputra, lomwe wapampando wake amakhala nduna yaikulu ya dzikolo. Mu Epulo 1981 anatsegula thumba loyamba la Amanah Saham Nasional, ndipo ASB inatsatira pa 2 Januwale 1990.

Pali tsiku lina limene anthu a ku Malaysia amalikumbukira monyadira. M'mawa wa pa 7 Sepitembala 1981, msika wa masheya wa ku London utangotsegulidwa, nthumwi za PNB zinayamba kugula masheya a kampani ya Guthrie, imene inali ndi minda ikuluikulu ya labala ndi migwalangwa ya mafuta ku Malaysia kuyambira nthawi ya atsamunda. Pasanathe maola ochuluka, ulamuliro wa kampaniyo unali utachoka m'manja mwa Angerezi. Wapampando wa PNB pa nthawiyo anali Tun Ismail Mohamed Ali, amene kale anali gavanala wa banki yaikulu ya dzikolo, munthu wodziwika ndi kukhwimitsa mwambo pa ndalama za anthu. Sanalande kanthu ndi mfuti kapena ndi lamulo. Anagula pamsika, pa mtengo wa pamsika, ndipo phindu la minda ija linayamba kufika m'mabuku a alimi, aphunzitsi ndi asodzi a dzikolo. Lero PNB imayang'anira chuma choposa RM300 biliyoni. Ili ndi gawo lalikulu m'banki ya Maybank ndi m'makampani a Sime Darby, ndipo ndiyo mwini wa nsanja ya Merdeka 118 ku Kuala Lumpur, yachiwiri kutalika padziko lonse.

Gawo losasintha mtengo

Chimene chimasiyanitsa ASB ndi matumba ena a mtundu wake ndi mtengo wa gawo. M'matumba ambiri gawo limakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku motsatira msika, ndipo munthu angathe kugula lero pa mtengo wokwera n'kudzagulitsa motsika. Mu ASB gawo limodzi ndi ringgit imodzi: pogula ndi imodzi, pogulitsa ndi imodzinso, lero ngati mu 1990. Munthu amatsegula buku ndi RM10 yokha, palibe ndalama yodulidwa pogula kapena potapa, ndipo phindu lake sililipiridwa msonkho. Kholo lingathenso kutsegulira mwana wake akadali wakhanda.

Kawerengedwe ka phindu kali ndi luntha lake. Sayang'ana ndalama zimene zili m'buku pa tsiku lomaliza la chaka. Mwezi uliwonse amatenga ndalama zochepetsetsa zimene zinatsala m'bukumo mwezi umenewo, amaphatikiza za miyezi 12 yonse ndi kugawa ndi 12. Tiyerekeze bambo amene ali ndi magawo 10,000 kuyambira Januwale mpaka Disembala 2024 osakhudzapo: phindu lake ndi RM575. Mnzake ali ndi magawo omwewo, koma mu Juni anatapako 6,000 kuti athandize pa maliro, n'kubwezera patangotha sabata imodzi. Mwezi wa Juni umawerengedwa kuti anali ndi 4,000 okha, choncho chaka chonse amaonedwa ngati wa magawo 9,500, ndipo amalandira RM546.25. Amene wabwera ndi thumba la ndalama mu Disembala poyembekezera kudya nawo za chaka chonse amapita ndi nyenyeswa. Lamuloli limakondera wopirira, ndipo amene anayendetsapo banki m'khonde akudziwa mikangano imene imabuka tsiku logawana pakasowa lamulo lotere.

Phindu likalengezedwa silibwera pamanja. Limasandutsidwa magawo atsopano m'buku lomwelo kumayambiriro kwa Januwale, ndipo chaka chotsatira nalonso limabala. Wofuna kulitapa amatapa.

Malire

Munthu mmodzi saloledwa kuika ndalama zopanda malire. Kwa zaka zambiri malire anali RM200,000, ndipo kuyambira 2023 anakwezedwa kufika pa RM300,000. Malirewa amakhudza ndalama zimene munthu waika yekha; phindu lobwerera m'buku likhoza kupitirira pamenepo popanda mlandu. Amene wafika pamalire n'kukhala chaka chonse cha 2024 osatapa analandira RM17,250. Palinso thumba lachiwiri, ASB 2, lotsegulidwa mu 2014, limene lili ndi malire akeake.

Chifukwa cha malirewa n'chosavuta kuchimvetsa. Thumba limene mtengo wake sutsika, phindu lake n'lopanda msonkho, ndipo ungatape nthawi iliyonse, ndi mphika umene olemera akanaudya okha akanaloledwa kubwera ndi zipande zawo zazikulu. Malire amaonetsetsa kuti mwayi umene boma linaika m'thumbamo ufike kwa ambiri. Amatetezanso thumbalo lenilenilo, pakuti anthu ochepa okhala ndi mabiliyoni atati atape tsiku limodzi akhoza kuligwedeza.

Komabe tisanamizane: malire saletsa kusiyana. Malipoti a thumbali akhala akuonetsa kuti oposa theka la osunga ali ndi magawo osapitirira 5,000, pamene kagulu kochepa kali pafupi ndi malire kapena kupitirira. Choncho gawo lalikulu la mabiliyoni ogawidwa chaka ndi chaka limapita kwa amene ali nazo kale. Pamene malire ankakwezedwa mu 2023, amene anapindula si msodzi wa magawo 800, pakuti iye malire akale omwe sankawalota. PNB inayesako kuchepetsa mpatawu: mu 2020 ndi mu 2022 inaonjezera kabonasi kapadera pa magawo 30,000 oyamba okha a munthu aliyense. Ndi njira yoyenera kuiyamikira, ngakhale sinakhale ya chaka chilichonse.

Malire ena ndi a mtundu. ASB ndi ya Bumiputera, ndiye kuti Amalay ndi eni nthaka a ku Sabah ndi Sarawak, omwe ena mwa iwo si Asilamu. Nzika zochokera ku China ndi ku India zimaloledwa m'matumba ena, monga Amanah Saham Malaysia la mu 2000, limene magawo ake nthawi zambiri amatha msanga. Nkhani ya tsankholi imakambidwabe m'dzikomo mpaka lero. Kwa ife pali mfundo imodzi yofunika kuigwiritsa: matumba amenewa ndi a nzika za Malaysia. Wina akakuimbirani foni kapena kukulemberani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama akugulireni magawo a ASB muli ku Mangochi kapena ku Johannesburg, ameneyo ndi mbava, ngakhale atayamba ndi salaam.

Phindu limatsika, ndipo boma silinalumbire

M'zaka za m'ma 1990 phindu ndi bonasi pamodzi zinkapitirira sen 10 pa gawo. Masiku amenewo anapita. Mu 2018 analengeza sen 7.00, mu 2019 sen 5.50, ndipo mu 2020, chaka cha mliri wa Covid-19, anatsika kufika pa 4.25, kupatula kabonasi kapadera kaja. Mu 2021 anapereka 5.00, mu 2022 anapereka 4.60, mu 2023 anakwera pang'ono kufika pa 5.25, kenako 5.75 mu 2024. Thumba likakula kwambiri, malo oikamo ndalama zobala bwino m'dziko limodzi amachepa, ndipo n'chifukwa chake PNB yakhala ikutumiza gawo lokulirapo la chuma chake kumisika yakunja.

Anthu ambiri kumeneko amakhulupirira kuti boma linalumbira kubweza ndalama zawo zivute zitani. Lumbiro lotero la ASB kulibe m'malamulo, ndipo bungwe limene limateteza ndalama za m'mabanki a dzikolo siliteteza magawo a thumbali. Chimene chilipo ndi mthunzi wa boma: mwini wake ndi bungwe lotsogozedwa ndi nduna yaikulu, ndipo palibe boma limene lingafune kuyang'anizana ndi ovota oposa 10 miliyoni amene ndalama zawo zamira. Mtengo wa ringgit imodzi umagwiridwa ndi phindu limene amasungako m'zaka zabwino kuti adzagawe m'zaka zoipa, monga nkhokwe ya chimanga. Kwa zaka zoposa 30 nkhokweyo sinagwe. Koma mthunzi ndi lumbiro ndi zinthu ziwiri, ndipo wosunga ndalama ayenera kudziwa chimene watsamira.

Pa Shariah, kusowa kwa lonjezo kuli ndi ubwino wake. Phindu lolonjezedwa pasadakhale pa ndalama imene wapereka ngati ngongole ndilo riba. Phindu lochokera mu malonda, limene likhoza kukwera, kutsika kapena kusowa, ndi lololedwa, ndipo ayah 275 ya Surat Al-Baqarah ndiyo imalekanitsa ziwirizi. Nambala ya Disembala ija imasintha chaka ndi chaka chifukwa imachokera m'zimene makampani apeza.

Kumene ma Ulama anasiyana

Vuto linali pena. Kampani imene imabweretsa gawo lalikulu la phindu m'thumbali ndi Maybank, banki yaikulu kuposa zonse m'dzikolo, ndipo mbali ina ya ntchito zake ndi kukongoza ndalama pa chiwongoladzanja. Nthambi yake ya Chisilamu, Maybank Islamic, ndi yaikulu ndithu, koma siimeza banki yonse. Kodi Msilamu angadye phindu limene gawo lake latuluka mu riba?

Funsoli silinali la m'mabuku chabe. Dziko la Malaysia lili ndi miyeso yokhwima yoonera ngati kampani ikuyenera ndalama za Msilamu. Khonsolo ya Shariah ya bungwe loyang'anira misika ya masheya imatulutsa mndandanda wa makampani ovomerezeka kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Novembala. Kampani imene ndalama zake zochokera ku zinthu zoletsedwa poyera, monga riba, njuga, mowa ndi nkhumba, zafika magawo 5 pa 100 imachotsedwa, ndipo ngongole zake za chiwongoladzanja ziyenera kuchepera magawo 33 pa 100 a katundu wake yense. Pa miyeso imeneyi banki ya chiwongoladzanja silowa m'mndandanda.

Mu Febuluwale 2008 komiti ya fatwa ya dziko lonse inakhala pansi ndi kugamula kuti kusunga ndalama mu ASN ndi ASB, komanso kulandira phindu lake, n'kololedwa. Mfundo yawo yaikulu inali ya maslahah, ubwino wa gulu. Anaona kuti thumbali ndilo nsanamira ya chuma cha Asilamu m'dzikomo, kuti akalitaya umwini wa makampani akuluakulu udzachoka m'manja mwawo, ndipo kuti kukhala ndi mpando m'banki yaikulu ndiyo njira yoikokera pang'onopang'ono ku Chisilamu. Koma ku Malaysia nkhani za chipembedzo zili m'manja mwa chigawo chilichonse, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mufti wake. Makomiti a ku Selangor ndi ku Penang anakana. Iwo anati kuletsedwa kwa riba n'koonekeratu, kuti maslahah singagonjetse lamulo lomveka, ndipo kuti panalibe kukakamizika kulikonse popeza matumba ena otsatira Shariah analipo kale pamsika.

Kwa zaka zingapo zinali zotheka kuti abale awiri a bere limodzi, wina wokhala ku Kuala Lumpur wina kutsidya kwa malire ku Selangor, amve zigamulo zosiyana pa buku limodzimodzi. Ena anatapa ndalama zawo zonse. Ena anazisiya koma chaka ndi chaka ankapatula gawo la phindu limene ankaliganizira kuti n'lodetsedwa ndi kulipereka kwa osauka popanda kuyembekezera thawabu, komwe ndi kuyeretsa kumene ma Ulama ambiri amalangiza pa masheya osakanikirana. Mu 2017 zigawo ziwiri zija zinasintha maganizo ndi kuloleza, zitaona kuti gawo la chuma cha PNB lotsatira Shariah likukula ndiponso kuti akuluakulu ake alonjeza kupitiriza njira imeneyo.

Kuona kwanga n'kwakuti mbali zonse ziwiri zinagwira ntchito imene inafunika. Akanapanda oloza, anthu wamba akanathawa chida chokhacho chimene chinawapatsa gawo m'chuma cha dziko lawo. Akanapanda okana, PNB sikanamva moto wouchititsa kusintha. Koma fatwa ya 2008 ndi chovala chosokedwa pa thupi la Malaysia: inatsamira pa mbiri ya dzikolo, pa kukula kwa thumbalo ndi pa mwayi weniweni wosintha banki kuchokera mkati. Sitingainyamule n'kubwera nayo kuno kuti itilolezere sheya ya banki iliyonse imene tayikonda.

Pali mchitidwe winanso umene unamera m'mbali mwa thumbali. Mabanki a kumeneko amakongoza anthu ndalama zoti agulire magawo a ASB, mwina mpaka kufika pamalire, n'kumabweza mwezi ndi mwezi kwa zaka 30 kapena kuposerapo. Wokongola amayembekezera kuti phindu la thumba lidzaposa zimene banki ikumudula. Ngongole zina ndi za chiwongoladzanja chenicheni, ndipo pa zimenezi palibe mkangano: ndi riba, ngakhale chogulidwacho chitakhala chololedwa. Zina zimakonzedwa ndi nthambi za Chisilamu kudzera mu mgwirizano wa tawarruq. Phindu litatsika mu 2020 ndi 2022, mpata wa pakati pa zolandira ndi zobweza unachepa kwambiri, ndipo ambiri anazindikira kuti wotsimikiza kupindula pa mgwirizanowo ndi banki.

Thumba la Hajj

Pafupi ndi ASB pali thumba lina lakale kuposa, limene mabanja a kunyanja angalimvetse msanga. Mu 1959 katswiri wa zachuma Ungku Abdul Aziz analemba za mmene anthu akumudzi ankasungira ndalama za Hajj. Poopa riba, ankazibisa m'mapilo, pansi pa mphasa ndi m'mitsuko, kapena ankagula ziweto ndi minda kuti adzagulitse nthawi ya ulendo ikakwana. Ambiri ankabwerako ku Makka ali ndi dzina la Haji koma opanda munda. Iye anapempha kuti pakhale thumba lopanda riba losungira ndalamazo ndi kuzichitira malonda. Sheikh Mahmud Shaltut wa ku Al-Azhar anagwirizana ndi ganizolo, ndipo mu 1963 thumbalo linatsegulidwa ndi anthu 1,281. Lero limatchedwa Tabung Haji ndipo osunga ake ndi mamiliyoni.

Mosiyana ndi ASB, ndalama za mu Tabung Haji n'zotetezedwa ndi boma mwa lamulo la mu 1995, malonda ake onse amatsatira Shariah, ndipo thumbalo limaperekeratu zakaat m'malo mwa osunga lisanagawe phindu, lomwe kale linkatchedwa hibah. Koma dzina loyera siliyendetsa mabuku. Mu 2018 boma latsopano linaulula kuti kwa zaka zingapo thumbalo linkagawa hibah pamene ngongole zake zinali zoposa katundu wake, zimene lamulo lake lomwe limaletsa. Boma linakakamizika kukhazikitsa kampani ya Urusharta Jamaah kuti itenge katundu wotsika mtengoyo pa RM19.9 biliyoni, ndipo hibah ya chaka chimenecho inagwa kufika pa 1.25 peresenti. Kuchokera apo yakhala ikuzungulira pa 3 peresenti. Palibe wosunga amene anataya ndalama yake, chifukwa lumbiro la boma linagwira ntchito, koma mtolowo unagwera okhoma msonkho onse. Chimene chinadwalitsa thumbalo ndi chilakolako cha akuluakulu cholengeza nambala yosangalatsa anthu chaka chilichonse.

Kuno kwathu

Ganizo la PNB si lachilendo kotheratu ku Malawi. Pa nthawi yogulitsa makampani a boma kunakhazikitsidwa National Investment Trust, yodziwika kuti NITL, pofuna kuti Amalawi wamba akhale ndi gawo m'makampaniwo, ndipo inalowa pa msika wa masheya wa ku Blantyre mu 2005. Kusiyana kwake n'kwakuti mtengo wa sheya yake umakwera ndi kutsika, ndipo gawo lalikulu la chuma chake lili m'mabanki a chiwongoladzanja. Makampani monga Old Mutual alinso ndi matumba a magawo, koma amene anthu amawakonda chifukwa chosagwedezeka ndi amene amakongoza ndalama ku boma ndi kumabanki, ndipo phindu lake ndi chiwongoladzanja chosabisika. Khomo lina linatseguka pamene Reserve Bank of Malawi inaloleza mabanki kukhala ndi nthambi zotsatira Shariah, ndipo FDH Bank inayambitsa Salama Banking. Amene akuganiza zoika ndalama m'thumba lililonse ali ndi ufulu wopempha mndandanda wa kumene ndalamazo zimapita, n'kupita nawo kwa Sheikh wodziwa fiqh ya malonda asanasaine.

Chimene sitingakopere ku Malaysia ndi gawo losasintha mtengo. Kumeneko mitengo ya zinthu imakwera ndi 2 kapena 3 peresenti pachaka, kotero phindu la 5 peresenti limasiyadi kanthu m'manja. Kuno kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo yakhala ikukwera ndi oposa 20 peresenti pachaka. Gawo la K1,000 losasintha, lobala 5 peresenti, likanakhala ngati madzi otungira m'dengu. Choncho bambo amene amasandutsa ndalama za usipa kukhala injini ya boti, malata, njerwa kapena ng'ombe asanyozedwe kuti ndi wotsalira. Akuteteza thukuta lake ndi nzeru imene ali nayo. Vuto lake ndi lomwe Ungku Aziz anaona: tsiku la Hajj, la matenda kapena la fizi ya ku yunivesite likafika, amagulitsa chida chimene chimamudyetsa, kawirikawiri pa mtengo wa munthu wothina. Thumba loyenera mabanja a kunyanja likanafunika kukhala ndi katundu weniweni amene mtengo wake umayenda limodzi ndi mitengo ya pamsika, monga nyumba zochititsa lendi, minda ya mpunga, mosungira nsomba mozizira ndi masheya a makampani opanga zinthu zololedwa, ndipo osunga akanayenera kuvomera kuti gawo lawo likhoza kutsikanso.

Ndalama yosungidwa m'thumba lililonse siithawa zakaat. Nisab yake ndi mtengo wa magalamu 85 a golide, ndipo chuma chikafika pamenepo n'kukhala chaka chathunthu cha Hijri, zakaat yake ndi 2.5 peresenti. Ngakhale pamenepa zigawo za Malaysia sizinayankhule chimodzi pa ASB: zina zimawerengera pa ndalama yonse pamodzi ndi phindu lake, monga ndalama ya m'buku la banki, pamene zina zimawerengera pa phindu lokha, poyerekeza magawowo ndi nyumba ya lendi imene zakaat imagwa pa zolowa zake. Pa magawo 300,000 a chaka cha 2024, njira yoyamba imatulutsa RM7,931.25 ndipo yachiwiri RM431.25.